Mavoti 43 amene anagwetsa Churchill ku Westminster mu 1924

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale ku Ntcheu. Tsiku lina tikukambirana za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mwana wina anandifunsa ngati n'zoona kuti Winston Churchill anaimapo payekha pachisankho chachibwereza n'kugonja ndi mavoti osakwana 50. Ndinangomuuza kuti ndikafufuza. Kodi zinachitikadi? Nanga ngati zinachitika, munthu wotere anadzukanso bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, kamuuzeni mwanayo kuti anamva zoona. Chisankhocho chinachitika Lachitatu pa 19 Malichi 1924 m'dera la Westminster Abbey, pakatikati pa mzinda wa London. Otho Nicholson wa chipani cha Conservative anapeza mavoti 8,187, Churchill 8,144, Fenner Brockway wa Labour 6,156, pamene Scott Duckers wa Liberal anangotola 291. Woyamba ndi wachiwiri anasiyana ndi mavoti 43. Anthu 22 okha mwa amene anavotera Nicholson akanasintha maganizo m'mawa umenewo, mpando unali wa Churchill. Pa funso lanu lachiwirilo, ine ndimaona kuti kugonja kumeneku ndi kumene kunamudzutsa, moti akanapambana mwina ulendo wake wobwerera m'boma ukanatalika.

Churchill wa 1924 sanali uja wa pachithunzi cha m'buku lanu, nduna yaikulu ya Britain pa nkhondo yachiwiri, wa ndudu yaikulu pakamwa ndi zala ziwiri m'mwamba. Anali bambo wa zaka 49 amene ambiri ankati zake zinada. Analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1900 ngati phungu wa Conservative, koma mu 1904 anawolokera ku Liberal chifukwa sankagwirizana ndi maganizo oika msonkho pa katundu wochokera kunja. Kumeneko anakwera msanga. Anakhalapo nduna ya za m'dziko, nduna yoona asilikali a pamadzi, kenako nduna yoona maiko amene Britain inkawalamulira. Kwa a Conservative, ameneyu anali mwana wothawa pakhomo amene anatha zaka 20 akutukwana kwawo. Komanso anthu sanaiwale za ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915, kumene asilikali miyandamiyanda anafera pa nkhondo imene iye anailimbikitsa. Ankati akangoima pamsonkhano, wina m'gulumo ankakuwa kumufunsa za nkhondo imeneyo.

Mu Okutobala 1922 boma la mgwirizano la David Lloyd George linagwa, aphungu a Conservative atakumana ku Carlton Club n'kugwirizana zotulukamo. Chisankho chinabwera mu Novembala, Churchill atangochitidwa kumene opaleshoni ya m'mimba. Ku Dundee, kumene anali phungu kuyambira 1908, anatsirizira pa nambala 4. Iye mwini anadzaseka pambuyo pake kuti m'kanthawi kochepa anapezeka alibe unduna, alibe mpando, alibe chipani, alibenso apendikisi. Mu Disembala 1923 anakayesa ku Leicester West, akadali wa Liberal, n'kugwanso. Choncho pofika ku Westminster anali atagwa kale kawiri motsatizana.

Chisankho cha Disembala 1923 chimenecho n'chimene chinasokoneza zonse. Conservative ya Stanley Baldwin inapeza mipando 258, Labour 191, Liberal 158, ndipo panalibe chipani chokwanitsa kulamula chokha. Herbert Asquith wa Liberal anasankha kugwetsa Baldwin, ndipo mu Januwale 1924 Ramsay MacDonald anakhala nduna yaikulu yoyamba ya Labour m'mbiri ya dzikolo. Churchill, amene ankadana kuchokera pansi pa mtima ndi sosholizimu, mfundo ya Labour yakuti chuma chachikulu cha dziko chikhale m'manja mwa boma, analemba kalata m'nyuzipepala ya The Times kuti kuika boma lotere pampando ndi tsoka lofanana ndi limene limagwera dziko likagonja pankhondo. Ubale wake ndi Liberal unathera pomwepo. Nthawi yomweyo Baldwin anasiya mfundo ya msonkho wa katundu wakunja ija, choncho chimene chinamuchotsa Churchill ku Conservative mu 1904 chinali chitachoka. Koma kuchoka kwa chifukwa si kutseguka kwa khomo. Ku Liberal anali atatuluka, ku Conservative anali asanalandiridwe, ndipo mvula inamupeza pakati. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mu Febuluwale 1924 phungu wa Westminster Abbey, Brigadier-General John Nicholson, anamwalira, mpando n'kutsala wopanda munthu.

Deralo ndi lofunika kulimvetsa bwino, chifukwa silinali dera wamba. M'kati mwake munali Nyumba ya Malamulo yeniyeniyo, tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey, nyumba yachifumu ya Buckingham, maofesi a boma a ku Whitehall, ndi makalabu a anthu olemera a ku Pall Mall. Koma munalinso Soho, kodzaza ndi alendo ochokera maiko ena ndi timalesitilanti, msika wa zipatso ndi masamba wa Covent Garden, nyumba za zisudzo za ku Strand ndi Drury Lane, ndiponso timisewu ta anthu osauka tobisika kuseri kwa Victoria Street. Mwini nyumba yosanja, wophika wake, wonyamula madengu pamsika ndi wovina pasiteji onse ankavotera phungu mmodzi. Olembetsa m'kaundula analipo pafupifupi 37,000. Malamulo a nthawiyo, amene anakhazikitsidwa mu 1918, ankalola mwamuna kuvota akakwana zaka 21, koma mkazi ankadikira mpaka zaka 30, ndiponso ankayenera kukhala ndi nyumba kapena kukwatiwa ndi munthu wokhala nayo. Atsikana ambirimbiri ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mashopu a m'deralo analibe voti. Pamene munthu wa bizinesi wokhala kunja kwa mzinda ankatha kuvota kwawo n'kudzavotanso kumene kuli shopu yake. Zonsezi zinkakomera Conservative, moti mu 1923 General Nicholson anadutsa popanda wopikisana naye.

Churchill anaona kuti mpando wotetezeka chonchi ndiwo mlatho wobwererera kwawo. Akuluakulu ena a kulikulu la chipani ankamufuna, ndipo Baldwin naye sankakana, chifukwa ankadziwa kuti munthu wa pakamwa ngati pamenepa ndi bwino akhale kumbali yako. Koma ku Britain woimira chipani ankasankhidwa ndi komiti ya chipani ya m'deralo, osati mtsogoleri. Komitiyo inakana kupatsidwa mlendo. Inasankha Otho Nicholson, mwana wa m'bale wake wa malemuyo, wa zaka za m'ma 30, wochokera kubanja lolemera lotcheza mowa wa jini, limene dzina lake linali lodziwika kale m'deralo. Apa pali kanthu koseketsa kamene ana angakakonde: ku Dundee mu 1922 mmodzi mwa amene anamugonjetsa Churchill anali Edwin Scrymgeour, munthu amene ndale zake zonse zinali zoletsa mowa, ndipo ku Westminster anadzagonja kwa mwana wa banja lotcheza mowa.

Baldwin anamupempha kuti asaime, adikire mpando wina. Churchill anaimabe, n'kudzitcha woima payekha wotsutsa sosholizimu. Zimenezi si zachilendo kwa ife, popeza timaona amene sizinawayendere pachipulula akuima paokha kwinaku akunena kuti mtima wawo ukadali kuchipani. Kusiyana kwake n'kwakuti Churchill sanali n'komwe membala wa chipani chimene ankafuna mavoti ake.

Chipani cha Conservative chinang'ambika pakati poyera. Aphungu ake pafupifupi 30 anakagwira ntchito kumbali ya Churchill, ena n'kumayang'anira maofesi ake a kampeni m'mawodi, kulimbana ndi munthu wa chipani chawo chomwe. Eni nyuzipepala zikuluzikulu, Lord Beaverbrook ndi Lord Rothermere, nawonso ankamuombera m'manja tsiku ndi tsiku. Arthur Balfour, mkhalakale amene anakhalapo nduna yaikulu, analemba kalata yomuchirikiza, koma Baldwin anaigwira kuti isatuluke poopa kugawa chipani. Leo Amery, mmodzi wa akuluakulu a chipanicho, atatulutsa kalata yake yochirikiza Nicholson, Churchill anadandaula kuti masewerawo akukondera, ndipo kalata ya Balfour inaloledwa kutuluka kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote. Baldwin mwiniwake poyera anachirikiza Nicholson, monga mtsogoleri aliyense amayenera kuchitira ndi munthu wa chipani chake.

Kampeniyo inali yaifupi koma yaphokoso. Mnyamata wa zaka 23 wochokera ku Ireland, Brendan Bracken, amene anadzakhala nduna yofalitsa nkhani pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndiye ankathamangathamanga kukonza zinthu. Churchill ankazungulira m'misewu ya West End pa ngolo yokokedwa ndi akavalo anayi, lipenga likulira. Iye analemba pambuyo pake kuti pa zisankho zonse zimene anaimapo, ichi ndicho chinali chotentha koposa, ndipo anati olemekezeka a m'mabanja achifumu, okwera akavalo a mpikisano, ankhonya, ochita zisudzo ndi amalonda onse analowa m'bwalo. Atsikana ovina a ku Daly's Theatre anachezera usiku wonse kulemba maadiresi pa maenvulopu a makalata ake opita kwa ovota. Ambiri mwa atsikana amenewa ayenera kuti analibe voti, malinga ndi lamulo la zaka 30 lija. Ndimakumbukira zimenezi ndikaona msonkhano wodzaza bwalo: amene amadzaza bwalo ndi amene ali m'kaundula nthawi zambiri amakhala anthu osiyana.

Nicholson analibe ngolo za akavalo. Anali ndi zinthu zosaoneka pamsewu, monga mndandanda wa mayina a amene amavotera chipani chaka ndi chaka, azimayi a chipani odziwa khomo lililonse, ndi dzina la malemu limene anthu anali atangolilira kumene. Pa chisankho chachibwereza, pamene anthu ambiri amachita ulesi kupita kukavota, zimenezi zimalemera kuposa chikhamu.

Mavoti anawerengedwa tsiku lotsatira ku Caxton Hall. Kuwerenga kuli pafupi kutha, wina atayang'ana milu ya mapepala patebulo anauza Churchill kuti wapambana ndi mavoti pafupifupi 100. Mawuwo anatuluka panja, anthu anakuwa, ndipo atolankhani anatumiza uthenga pa telegalafu mpaka kumaiko akutali kuti Churchill wabwerera m'Nyumba ya Malamulo. Ziwerengero zenizeni zitaphatikizidwa, Nicholson ndiye anali patsogolo. Anawerenganso kachiwiri, ndipo kusiyana kunaima pa 43. Brockway, amene anali m'holomo, anadzafotokoza kuti anaona Churchill akuyendayenda mutu uli pansi ngati nyama yothedwa nzeru.

Tsono tiyeni tiziyang'ane bwino ziwerengerozi, chifukwa zimanena zambiri kuposa nkhani ya ngolo ndi malipenga. Mavoti onse anali 22,778, ndiye kuti mwa anthu 100 alionse olembetsa, anavota ndi 62 osakwana bwino. Anthu oposa 14,000 anakhala kunyumba pa chisankho chimene chinathera pa mavoti 43. Wopambana anapeza 35.9 peresenti, kutanthauza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse amene anavota sanamufune, komabe mpando unali wake. Ndi lamulo lomwelo limene tinatengera kwa Angerezi posankha aphungu: amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, watenga zonse. Lamulo la 50+1 kuno limagwira pa mpando wa pulezidenti basi.

Scott Duckers, loya amene anamangidwapo chifukwa chokana kupita kunkhondo yoyamba ya padziko lonse, anataya ndalama yake ya chikole, mapaundi 150, chifukwa lamulo linkafuna kuti munthu apeze gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mavoti kuti abwezeredwe. Ena amanena kuti mavoti ake 291 ndiwo anagwetsa Churchill, popeza ndi ochuluka kuposa 43 pafupifupi kasanu ndi kawiri. Ine sindigwirizana nazo. Munthu amene anavotera wokana nkhondo pa chisankho ngati chimenechi si munthu amene akanavotera Churchill, nduna yakale ya nkhondo. Chimene 291 ikusonyeza n'chakuti a Liberal ambiri a m'deralo anali atathawa kale chipani chawo, ena kupita kwa Churchill, ena kwa Brockway.

Nambala imene anthu amaidumpha ndi 6,156 ya Brockway. Mu 1922 Labour m'dera lomweli sinafike n'komwe mavoti 3,000. Tsopano munthu wa sosholizimu weniweni, amenenso anakhalapo m'ndende chifukwa chokana nkhondo, anatenga 27 peresenti m'dera limene muli nyumba ya mfumu, ndipo anatsala ndi mavoti 2,031 okha kuti afike pa Nicholson. Iye analimbikira m'timisewu ta kuseri tija, kuonetsa anthu mmene mabanja ankapanikizirana m'zipinda zonyowa pafupi ndi nyumba za olemera. Maganizo anga ndi akuti kukwera kwa Brockway kunamupweteka Churchill pawiri. Kunamulanda mavoti a anthu wamba amene mwina akanakopeka ndi dzina lake. Kunaopsezanso a Conservative ena amene ankakayikakayika: poona kuti kugawana mavoti kungapereke mpando kwa Labour, ena mwa iwo ayenera kuti anabwerera kwa munthu wa chipani pa tsiku lomaliza. Sipankafunika ambiri. Munthu amene anaima n'cholinga choti agwirizanitse onse odana ndi sosholizimu ndiye anawagawa pakati, 8,187 uku, 8,144 uko, ndipo adani ake sanachedwe kumukumbutsa zimenezo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti kugonjaku kunamuthandiza? Tayerekezani kuti mavoti 22 aja anatembenuka. Churchill akanalowa m'Nyumba ya Malamulo ngati munthu amene wachititsa manyazi chipani cha Conservative m'dera lake lotetezeka kwambiri, pamaso pa mtsogoleri wake. Makomiti a m'madera ena akanamuona ngati wolanda mipando. Baldwin, amene utsogoleri wake unali wogwedezeka kale atataya boma, akanavutika kumupatsa udindo popanda kuoneka ngati wagonjera woukira. Akanati agwe koopsa, titi ndi mavoti 3,000 okha, aliyense akanati munthuyu wathadi. Zimene zinachitika zinagwera pakati. Anaonetsa kuti popanda chipani, popanda kaundula wake, pa masabata ochepa okha, angathe kukoka theka la anthu a Conservative, koma chipanicho sichinataye kanthu. Mphamvu zake zinaoneka popanda wovulala woti n'kusunga mangawa. Komiti ya ku Westminster inapeza munthu wake, ndipo kulikulu anazindikira kuti munthu uyu kumusiya panja n'koopsa kuposa kumulowetsa.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Mu Meyi 1924 analankhula pamsonkhano wa Conservative ku Liverpool, koyamba patatha zaka 20. Mu Seputembala komiti ya chipanicho ku Epping, kunja pang'ono kwa London, inamutenga kuti aime kumeneko, ngakhale anasankha kudzitcha Constitutionalist, kutanthauza woteteza malamulo oyendetsera dziko. Boma la MacDonald linagwa mu Okutobala, ndipo pachisankho cha pa 29 mwezi womwewo Churchill anapambana ndi mavoti oposa 9,000 pamwamba pa womutsatira. Conservative inatenga mipando yoposa 400, Liberal inatsala ndi 40. Mu Novembala Baldwin anadabwitsa chipani chake pomupatsa unduna wa zachuma, udindo umene bambo ake, Lord Randolph Churchill, anaugwirapo mu 1886. Kuchoka pa kuyendayenda mutu uli pansi ku Caxton Hall kufika pa kusunga thumba la dziko panapita miyezi yosakwana isanu ndi itatu. Khadi la chipani anadzalitenga mu 1925, ali kale nduna.

Ana akafunsa ngati kusinthasintha zipani kotere kunalibe chilango, auzeni kuti ku Britain kulibe lamulo ngati gawo 65 la malamulo athu, lochotsa pampando phungu wosintha chipani. Mpando umatengedwa kuti ndi wa munthu amene anasankhidwa, ndipo chilango chimachokera kwa ovota ndi kwa anzake a m'chipani. Kwa Churchill chilangocho chinali kusakhulupiriridwa, ndipo chinamutsata nthawi yaitali: kuyambira 1929 mpaka 1939 anakhala phungu wamba wopanda unduna, a chipani chake chomwe akumuyang'ana ndi diso la kumbali. Komanso musawapatse chithunzi chakuti kudzuka kwake kunali dalitso lokhalokha. Ali nduna ya zachuma, mu 1925 anamangiriranso ndalama ya paundi ku golide pa mtengo wokwera wa nkhondo isanayambe, zimene zinadulitsa katundu wa Britain kunja, kufinya migodi ya malasha, ndi kuthandizira kubweretsa sitalaka yaikulu ya 1926.

Otho Nicholson anakhala phungu wa deralo mpaka 1932 pamene anatula pansi udindo, ndipo lero amakumbukiridwa makamaka chifukwa cha mavoti 43 amenewa. Dera la Westminster Abbey lenilenilo linathetsedwa mu 1950.

Amene ali ndi mbali m'mbiri yathu ndi Churchill ndi Brockway, ndipo apa mukhoza kulumikiza phunziroli ndi zimene ana amaphunzira za chitaganya. Boma limene linakhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu akuda a maiko atatuwa akukana, linali la Churchill, pa ulendo wake wachiwiri ngati nduna yaikulu. Mmodzi mwa aphungu amene ankalimbana nacho kwambiri m'Nyumba ya Malamulo ku London anali Fenner Brockway yemwe uja wa mavoti 6,156. Iye anabadwira ku Calcutta mu 1888, mwana wa amishonale, ndipo mu 1954 anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Movement for Colonial Freedom, limene linkamenyera ufulu wa maiko olamulidwa ndi atsamunda. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo Malawi inalandira ufulu pa 6 Julayi 1964.

Mu Okutobala 1964 ku Britain kunali chisankho chachikulu. Churchill, ali ndi zaka 89, sanaimenso. Brockway anaima kuteteza mpando wake wa Eton and Slough, umene anaugwira kuyambira 1950, ndipo mavoti atawerengedwa mobwereza anapezeka kuti wagonja kwa Anthony Meyer wa Conservative ndi mavoti 11.